Makina Oyimba Omangidwa ndi Zidutswa

Lero tikambirana za mawu a nyimbo amene satuluka m'gitala kapena m'ng'oma, koma amachita kupangidwa ndi makina otchedwa synthesizer.

Tayambani mwaganizira za liwu lanu lomwe. Pakhosi pamanjenjemera, m'kamwa mumakonza kamvekedwe, ndipo mpweya umalamula poyambira ndi pothera liwulo. M'chaka cha 1964, Robert Moog wa ku America anaonetsa makina ogaŵa ntchito chimodzimodzi. Chidutswa chilichonse, chotchedwa module, chinali ndi ntchito imodzi, ndipo woyimba ankalumikiza zidutswazo ndi mawaya monga afunira. Oscillator imabala liwu, filter imalisefa, pamene envelope imalamula kuti liwulo lizilale msanga ngati la ng'oma, kapena likhalitse ngati la chitoliro.

Makinaŵa anali okwera mtengo zedi. Koma m'chaka cha 2017 Andrew Belt anatulutsa VCV Rack, pulogalamu yaulere ya pakompyuta, momwe zidutswa ndi mawaya zimaoneka pagalasi. Munthu wodziŵa chilankhulo cha kompyuta cha C++ angathe kumanga module yakeyake.

Mmisiri wotere ayenera kusunga malamulo aŵiri. Loyamba ndi la nthaŵi. Pa sekondi imodzi yokha, kompyuta imafunsa module nambala yatsopano maulendo 44,100 kapena 48,000. Masamu akachulukitsa, yankho limachedwa, ndipo nyimbo imadukaduka ndi kuthetheka m'makutu mwa womvera.

Lachiŵiri ndi la mgwirizano. Pangano lake n'lakuti volt imodzi ikawonjezeka, liwu likwere kuchoka pa "do" wapansi kufika pa "do" wapamwamba, monga adziŵira a kwaya. Apo kunjenjemera kwa liwu kumaŵirikiza kaŵiri: ngati kunali maulendo 440 pa sekondi, kumafika pa 880. M'kompyuta mulibe mavolt enieni, ndi manambala chabe, komabe panganoli amalisunga. Wolinyoza, module yake imayimba mosemphana ndi za anzake, ndipo ntchito yake yonse imapita pachabe.

Choncho omvera, luso la mmisiriyu siliyesedwa ndi kuchuluka kwa zimene chidutswa chake chingachite, koma ndi mmene chikumvanirana ndi zidutswa za amisiri ena amene sanaonanepo naye n'komwe. Paja akulu anati mutu umodzi susenza denga.