Nkhondo Tiziiphunzirira pa Tebulo

Zikomo pondiitana kudzatsegulira mpikisano uno muno m'Makeni. Kutsogoloku kuli nsolo, kuli chess, ndipo pakati pali mapu ojambulidwa pa katoni, mitsinje yake ya choko, asilikali ake zitsekerero za mabotolo. Tebulo lapakatilo ndi limene ndikufuna kuliikira kumbuyo lero, pakuti ndi limene makolo ena akukayika nalo. Mfundo yanga ndi iyi: mwana amene wayendetsapo gulu la nkhondo pa mapu, motsata mbiri yeniyeni, amaiopa nkhondo kuposa mnzake amene anangoloweza zaka zake kuti akakhoze mayeso.

Maina a nkhondo timawatchula tsiku ndi tsiku osafunsa kumene anachokera. Msewu wa Burma Road wodutsa ku Kabwata, ndi Arakan Barracks, zikukumbutsa kumene ana a dziko lino a mu Northern Rhodesia Regiment anakamenyana ndi asilikali a Japan pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Tug Argan Barracks ya ku Ndola yatenga dzina la malo a ku Somaliland kumene anakumana ndi asilikali a Italy mu 1940. Ife a Makeni tili ndi chipsera chathuchathu: pa 19 May 1986 ndege za boma la tsankho la South Africa zinaphulitsa malo a anthu othawa kwawo kuno, tsiku lomwe asilikali a bomalo analowanso ku Harare ndi ku Gaborone. Dzina ndi tsiku zimalowa m'mutu mosavuta. Chovuta ndi kumvetsa chifukwa chake zinthu zinayenda motero, ndipo apa ndi pamene tebulo lija limathandiza.

Masewera otere anawakhwimitsa ndi msilikali wa ku Prussia, Georg von Reisswitz, amene mu 1824 anaonetsa akuluakulu ake masewera otchedwa Kriegsspiel. Mbali ziwiri sizionerana mapulani, woweruza ndiye amadziwa zonse, ndipo lamulo limatenga nthawi kuti lifike kwa olilandira. Tiyike nkhondo yathu pa malamulo amenewo. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, asilikali anali kumalire a kumpoto, kufupi ndi Abercorn imene lero ndi Mbala, kutali kwambiri ndi njanji, ndipo chakudya chinkayenda pamitu ya amtengatenga. Tiyerekeze kuti mtengatenga wasenza ufa wa makilogalamu 25, ndipo amadyako kilogalamu imodzi patsiku. Ulendo ukakhala wa masiku 10 kupita ndi 10 kubwerera, msilikali alandira makilogalamu 5 okha. Mwana wosewera akafuna kudyetsa zitsekerero zake, aona yekha kuti ayenera kulanda amuna ambirimbiri m'midzi, minda n'kutsala yosalima. Adzamvetsanso chifukwa chake mtsogoleri wa asilikali a Germany, Paul von Lettow-Vorbeck, ankalondola nkhokwe za adani ake mpaka ku Kasama, asanamve za kutha kwa nkhondo pa mtsinje wa Chambeshi ndi kukatula zida ku Abercorn pa 25 November 1918. Buku limanena kuti kunali njala. Tebulo limamuchititsa mwanayo kukhala woyambitsa njalayo, ndipo saiwala.

Alipo amene akuti magazi a makolo athu si choseweretsa. Nkhawayi ndi yaulemu, ndipo sitingaikankhire kumbali. Koma taganizani za Nsingo, mwana wa mfumu Mpezeni, amene kumayambiriro kwa 1898 anatsogolera Angoni ndi mikondo ndi zishango polimbana ndi asilikali a Britain ochokera ku Nyasaland, okhala ndi mizinga ndi mfuti za Maxim. Anagwidwa n'kuwomberedwa, ng'ombe zinalandidwa, ndipo mwambo wa Nc'wala unazima mpaka 1980. Wongomva nkhaniyi angati Angoni anachepa mtima kapena nzeru. Woisewera kakhumi pa mapu, nalephera kakhumi pabwalo loyera, amasiya kuweruza n'kuyamba kufunsa: akanabisala m'mapiri, ng'ombe zikanadya kuti? Akanagonja osamenya, dziko likanatsala la yani? Kumeneko ndiye kulemekeza akufa, kuimirira pamene anaima ndi kulawa kulemera kwa chosankha chawo.

Ena akuti madayisi ndi njuga, ndiponso kuti awa ndi masewera a ana olemera a ku Kabulonga ogula tizidole ta kunja. Pa tebulo ili palibe kubetcha ngakhale ngwee imodzi. Dayisi ikuimira zimene mtsogoleri sangazilamule: mvula yodzaza mtsinje usiku, malungo, mthenga wosochera. Za mtengo, onani nokha katoni ndi zitsekererozo. Ndipo kuwerengera nkhondo pa bolodi si kwachilendo kwa ife. Wansolo amawerenga maenje asananyamule njere, podziwa kuti kudya mwadyera kumatsegula khomo lake lomwe. Chess nayo inayamba ku India ngati chithunzi cha gulu la nkhondo, ndipo mwana wa Zambia, Amon Simutowe, anafika nayo pa udindo wa grandmaster mu 2009.

Mantha aakulu ndi akuti masewerawa adzutsa chilakolako cha nkhondo. Chimene chimadzutsa chilakolakocho ndi filimu imene ngwazi yake zipolopolo sizimuthera ndipo samva njala. Mlembi H. G. Wells, amene anafalitsa malamulo a masewera otere mu 1913 m'buku la Little Wars, ankadana ndi nkhondo, ndipo ankakhulupirira kuti woisewera pang'ono amazindikira kupusa kwa nkhondo yeniyeni. Akuluakulu anati nkhondo simanga mudzi, koma mwambi umakhazikika mwa munthu amene wawerengera yekha zotayika.

Choncho aphunzitsi, musalole mpikisano kutha ndi kulengeza wopambana kokha. Masewera akatha, ana awerenge zitsekerero zimene zachotsedwa pa mapu, atchule midzi imene zikanachokera. Inu akuluakulu opuma usilikali, khalani oweruza awo, muwawongole pamene mapu akunama. Ndi mawu amenewa, mpikisano uno ndautsegulira.