MISEU YA NJINGA M'MIDZI YA KU FRANCE

Munthu ali yense wopita ku nchito pa njinga adziwa mantha amene amagwira mtima pamene lole yaikulu ikubangula kumbuyo kwace. Iye amapatukira m'mbali, fumbi liri m'maso, nayamika Mulungu kuti lero wapulumuka. Nkhani ya madzulo ano ndi ya dziko la France, ku Ulaya, kumene anthu anaganiza kuti wokwera njinga ayenera kukhala nayo miseu yaceyace, yosapitamo galimoto ndi imodzi yomwe.

Cikondi ca Afalansa pa njinga sicinayambe lero ai. M'caka ca 1936 Boma la Léon Blum linaika lamulo lakuti wanchito ali yense azipumula masabata awiri pa caka, malipiro ace osadulidwa. Masiku amenewo wanchito wamba analibe galimoto. Tsono okumba malasha ndi a m'mafakitale anamanga mitolo yao pa njinga, ena mwamuna ndi mkazi wace pa njinga imodzi ya zishalo ziwiri, napita kukaona nyanja ndi mapiri zimene kale anali kungozimva m'nkhani. Koma itatha nkhondo yaikulu m'caka ca 1945, magalimoto anayamba kuculuka caka ndi caka, kufikira wanjinga anakhala ngati mlendo pa mseu wa makolo ace.

Thandizo linacokera ku njanji zakufa. M'caka ca 1879 Boma linabvomereza nzeru ya nduna ina, dzina lace Charles de Freycinet, yakuti njanji zifike ngakhale ku timatauni tating'ono ta kumidzi. Njanjizo zinamangidwa ndipo zinagwira nchito zaka zambiri. Koma mabasi ndi malole atalanda anthu ndi katundu, zambiri zinatsekedwa, makamaka kuyambira caka ca 1938. Zitsulo zinazulidwa, udzu unamera, ndipo masiteshoni anasanduka mabwinja. Cimene cinatsala ndico njira yeniyeniyo, ndipo njirayo inali ya mtengo wapatali. Pakuti sitima ya pamtunda siikhoza kukwera citunda cacikulu, amisiri akale anali atagumula zitunda, atakwirira zigwa, atamanga milatho, ataboola mapiri. Njira yotero nkhalamba ndi kamwana angathe kuiyenda pa njinga osatsika kukakankha.

M'caka ca 1997 akulu a cigawo ca Saône-et-Loire, m'dera la Bourgogne, anathira phula pa njanji yakufa yocokera ku Givry kufika ku Cluny, mtunda wa makilomita 44, wocepera pang'ono mtunda wa pakati pa Kitwe ndi Chingola. Mseuwo anaucha voie verte, ndiko kunena kuti njira yobiriwira. Aloledwamo ndi oyenda pansi, okwera njinga ndi opunduka a pa mipando ya mawilo, koma galimoto ndi njinga yamoto n'zoletsedwa. Pambuyo pace anautalikitsa, ndipo tsopano umalumikiza mizinda ya Chalon-sur-Saône ndi Mâcon.

Wonyamuka ku Givry m'mamawa amayamba ndi minda ya mphesa, yondanda m'mizere pa zitunda za kumadzulo. Amapitirira Buxy ndi Saint-Gengoux-le-National, midzi ya nyumba za miyala, kumene masiteshoni akale anakonzedwanso kuti alendo azipumulirapo. M'madambo mumadya ng'ombe zoyera za mtundu wa Charolais, zonenepa kolapitsa. Phokoso limene amva ndi la mbalame, la cheni ca njinga yace, ndi belu la chalichi la mudzi wina wakutali. Akafika ku Cluny amaona cotsala ca nyumba ya amonke imene inayambidwa m'caka ca 910. Chalichi lace linali lotalika mamita 187, ndipo kwa zaka mazana ambiri panalibe lina loliposa ku Ulaya konse. Citatha cipolowe cacikulu ca 1789 linagulitsidwa, ndipo ogulawo analiphwasula nagulitsa miyala yace. Lero kwangotsala cigawo cimodzi ndi nsanja zace.

Kummwera kwa Cluny mseu umalowa m'phiri, pa malo ochedwa Bois Clair. Una umenewu, umene kale munali kupita sitima, ndi wotalika mamita 1,600, ndipo mkati mumazizira ngakhale kunja kutatentha. Anthu a ku migodi sangadabwe nao mdima ndi kudontha kwa madzi, koma cimene angadabwe naco ndi ici: caka ndi caka, kuyambira mwezi wa October kufikira cisanu citatha, unawo umatsekedwa cifukwa ca mileme imene imagona momwemo nyengo yonse yozizira. Wanjinga amalambalala pamwamba pa phiri, thukuta liri kamukamu, kuti mileme isadzutsidwe.

Mtundu waciwiri wa miseuyi uli m'mbali mwa ngalande ndi mitsinje. Kale zombo za katundu zinali kukokedwa ndi akavalo oyenda pa gombe, ndipo njira za akavalowo ndizo zasanduka za njinga. Ngalande yochuka koposa ndi Canal du Midi, yotalika makilomita 240, yocokera ku Toulouse kunka ku nyanja ya Mediterranean. Inakumbidwa ndi makasu ndi mafosholo kuyambira 1666 kufikira 1681, ndipo mwini nzeruyo, Pierre-Paul Riquet, anamwalira m'caka ca 1680 osaona kutha kwace. Magombe ace anabzalidwa mitengo yamthunzi yokwana ngati 42,000. Koma m'caka ca 2006 munapezeka matenda oumitsa mitengoyo, ndipo zikwi zambiri zadulidwa ndi kuochedwa. M'malo mwace akubzala mitundu yina, imene mthunzi wace adzaumva ndi adzukulu.

M'mbali mwa Loire, mtsinje wautali koposa yonse ya m'France, muli ulendo wa makilomita ngati 900, wothera ku nyanja ya Atlantic. Mbali zina ndi miseu ya njinga zokha, zina ndi timiseu ta kumidzi topita magalimoto owerengeka. Mlendo amapitirira nyumba zazikulu za mafumu akale, ndi mizinda ya Orléans, Blois, Tours, Saumur ndi Nantes.

Nako kumpoto, ku dziko la migodi ya malasha, kuli nkhani yace. Mgodi wotsiriza wa dera la Nord-Pas-de-Calais unatsekedwa ku Oignies m'mwezi wa December 1990, ndipo wotsiriza wa m'France monse unatsekedwa m'caka ca 2004. Tinjanji timene tinali kunyamula malasha kucokera ku migodi tasanduka njira za njinga, zopita pakati pa nyumba za anchito ndi milu yakuda ya zotaya za mu mgodi, imene tsopano yamera mitengo. Pafupi ndi mgodi wakale wa Arenberg pali kamseu ka miyala kodutsa m'nkhalango, kotalika koposa makilomita awiri. Jean Stablinski, mwana wa anthu ocokera ku Poland, amene anagwirapo nchito mu mgodi ali mnyamata napambana mpikisano wa njinga wa dziko lonse m'caka ca 1962, ndiye anasonyeza kamseuko kwa akulu a mpikisano wa Paris-Roubaix. Anakalowetsa mu mpikisanowo m'caka ca 1968.

Kumene kulibe mseu wa njinga zokha, lamulo limachinjiriza wanjinga. Woyendetsa galimoto pomupitirira ayenera kusiya mpata wa mita imodzi m'tauni, ndi mita imodzi ndi theka kunja kwa tauni. Kuyambira caka ca 2017 mwana wosakwana zaka 12 saloledwa pa njinga wopanda cipewa colimba. Mlendo wocokera ku Zambia akumbukire kuti kumeneko amayenda ku dzanja lamanja. Akumbukirenso kugula buledi wace nthawi ikalipo, pakuti masitolo a m'midzi amatseka dzuwa liri pamutu, eni ace napita kukadya. Madzi akamthera, okwera njinga a komweko amuuza kuti kumanda ambiri kuli mpopi wothirira maluwa.

Kodi n'cifukwa ninji Boma limataya ndalama pa miseu yotere? Yankho liri m'midzi. Anyamata anacoka kunka ku mizinda kukafuna nchito, ndipo m'midzi yambiri sukulu inatsekedwa, wophika buledi naye anatseka citseko cace. Galimoto imapitirira mudzi wotere ngati mphepo, osasiyapo ndi khobidi lomwe. Wanjinga sangatero. Iye amamva njala, amamva ludzu, amatopa, ndipo dzuwa likalowa afuna pogona. Cotero ndalama zace zimagwera m'manja mwa mai wogulitsa cakudya, mlimi wa mphesa, ndi mmisiri womata macubu.

Komabe si onse akondwera nazo. Alipo ena amene amati njanji ikazulidwa ndi kuthiridwa phula, sitima siidzabweranso, ndipo nkhalamba yofuna kupita ku cipatala ca mu mzinda siingapalase makilomita 40. Mau ao ali ndi nzeru, ndipo m'madera ena mkangano umenewu sunathe.

Pakati pa mkanganowo, miseu ikunkabe iculuka, ndipo pa tsiku la Sabata agogo ndi adzukulu ao amapalasa pamodzi pamene kale panali kupita sitima. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Woyenda pang'onopang'ono ndiye amadziwa dzina la mudzi umene wapitamo, napatsana moni ndi eni ace.