Za Thandizo la Ndarama kwa Ofuna Maphunziro Apamwamba a Fizikisi



Pali funso limene mwana wanzeru amafunsa mphunzitsi wace anzace atatuluka m'kalasi: kodi mwana wa mlimi angathe kuphunzira kufikira kumapeto? Mphunzitsi akayankha mosadziwa, mwanayo ataya mtima, nasiya khasu pakati pa mzere. Nkhani ya lero iri yothandiza mphunzitsi kuyankha zoona, makamaka kunena za fizikisi, ndilo phunziro lofufuza malamulo a kuwala, kutentha, magetsi ndi kayendedwe ka zinthu.

Coyamba ndi ici: wophunzira amene wakhoza bwino digiri yoyamba, monga ya ku University of Zambia imene inatsegulidwa m'caka ca 1966, kawirikawiri safunika kudzilipirira yekha maphunziro otsatapo. Kufufuza za fizikisi ndi nchito ya manja ambiri, ndipo masukulu akuru afuna anyamata ndi atsikana oigwira. M'mayunivesite ambiri a ku United States, wophunzira digiri ya PhD salipira ndarama za sukulu, koma alandira malipiro mwezi ndi mwezi, popeza athandiza kuphunzitsa ongoyamba kumene kapena kuyesa zinthu pamodzi ndi aprofesa. Maphunziro amenewo atenga zaka 5 kapena 6.

Makomo ena alipo. M'caka ca 1964, comwe Zambia analandira ufulu, Abdus Salam wa ku Pakistan anakhazikitsa ICTP mu mzinda wa Trieste ku Italy, kuti akatswiri a maiko osauka asakhale paokha. Iyeyo analandira mphotho ya Nobel mu 1979. Kuyambira 1991 malowa aphunzitsa dipuloma ya caka cimodzi yokonzekeretsa PhD, ndipo osankhidwa a maiko osauka alipiridwa ulendo ndi zofunika pa moyo.

Mu Africa momwe muno muli AIMS, imene Neil Turok anayamba mu 2003 ku Muizenberg, pafupi ndi Cape Town. Tsopano iri ndi nthambi ku Senegal, Ghana, Cameroon ndi Rwanda. Wosankhidwa aphunzira masamu ndi fizikisi caka cimodzi, nalandira digiri yaciwiri, osalipira sukulu, cakudya kapena pogona.

Wofuna kupita ku Britain ayese thandizo la Commonwealth, limene linakhazikitsidwa pa msonkhano wa ku Oxford mu 1959. Palinso Beit Trust, yocokera pa cuma cimene Alfred Beit anasiya pomwalira mu 1906, imene ithandiza ana a Zambia, Malawi ndi Zimbabwe okha kukaphunzira ku Britain ndi ku South Africa.

Koma makomo awa satsegukira waulesi. Ofunsira ali ambiri, malo ali ocepa. Osankha ayang'ana zinthu zitatu: zotsatira za mayeso, makamaka masamu, makalata a aphunzitsi a payunivesite amene adziwadi nchito ya wofunsirayo, ndi kalata yace iye mwini, yonena momveka cimene afuna kufufuza ndi cifukwa cace. Ayambe kukonzeka kutatsala caka cathunthu, pakuti tsiku lotsekera likapita palibe womvera madandaulo. Agogode pa makomo angapo nthawi imodzi, ndipo akakanidwa ayesenso caka camawa. Asaope kulembera profesa wa kutali kalata yaulemu, pakuti safunsa anadya phula. Acenjerenso ndi munthu ali yense womlonjeza malo akampatsa ndarama. Thandizo loona siligulidwa.

Nanga zonsezi zimkhudza bwanji mphunzitsi wa pulaimale? Mmera mpoyamba. Mwana amene sanamvetse kugawa manambala m'giredi 5 adzavutika ndi masamu a kusekondale, ndipo khomo la Trieste lidzakhala litamtsekekera iye asanamve ndi dzina lace lomwe. Cifukwa cace mphunzitsi aphunzitse masamu moleza mtima, kwa atsikana monga kwa anyamata. Alole ana kufunsa cifukwa cace mwala ugwa pansi ndi cifukwa cace mphezi ioneka bingu lisanamveke. Ndipo mwana uja akadzabweranso ndi funso lace, mphunzitsi amuuze maina a malo awa, nawalembe pa cikuto ca kope lace, kuti akawaonetse makolo.