Khasu Limalekezera Pati? Maphunziro a Nthaka pa Bwalo la Mfumu

Sinditalikitsa chifukwa ena mwasiya chimanga pa mkukwe. Ku ofesi ya zaulimi ya EPA atituma kuti pofika Julayi, mudzi uliwonse ukhale ndi munda wachitsanzo umodzi komanso mabanja khumi amene aswa dothi lolimba la pansi pa mizere. Ndabwerera chimenechi.

Ndifunse kaye. Kuno mumalima mizere, eti? Chaka chilichonse mumaigwetsa n'kuunga ina pambali pake? Manyowa mumathira? Ena atero. Chabwino, tipitirire.

Senderani kuno ku dzenje ili lomwe anyamata akumba, muone khoma lake. Pamwambapa dothi ndi loderako, lofewa, muli timizu ndi tinjira ta nyongolotsi. Chonde chili pamenepa, ndipo kuzama kwake sikukwana n'chikhatho changachi. Pansi pake payamba katondo wofiirayu. Kufiirako n'chifukwa cha chitsulo chomwe chili m'dothimo. Kutsika kwambiri mupeza miyala yofumbutuka, komwe dothi limachokera. Koma pomwe ndikufuna maso anu ndi apa, masentimita 15 kapena 20 kuchokera pamwamba. Mayi, tengani mpeniwu mubaye. Walowa? Wakana. Apa ndi pomwe khasu lanu limalekezera chaka ndi chaka.

Katondo ndi makande muli dongo lambiri. Timibulu ta dongo n'tating'ono zedi, tosakwana mamilimita 0.002, moti ndi maso simungatione. N'chifukwa chake dongo limagwira madzi ndi chakudya cha mbewu kuposa mchenga, ndipo feteleza sakokoloka msanga. Vuto lake n'lakuti likanyowa limamata, likapanikizidwa limatsekeka. Amayi mukamazira m'nyumba, mumanyowetsa mtsiro n'kukulungiza ndi mwala mpaka pansi pati see. Khasu ndi mapazi athu zakhala zikuzira munda chimodzimodzi kwa zaka makumimakumi. Madzi akafika pamenepo salowa, amathamanga pakati pa mizere n'kutenga dothi lakuda lija kupita nalo kudambo. Muzu nawonso ukafika umakhota. Taonani phesi lomwe ndazula m'munda womwewu: mizu yonse yayenda cham'mbali.

Chochita ndi ichi. Tengani piki, muswe dothi mpaka masentimita 30, muphwanye zibuma, musakanize manyowa owola bwino, muphimbe ndi mapesi. Mukatero musapondepo. Bzalanimonso nandolo, chifukwa muzu wake umatsika kwambiri n'kusiya njira za madzi.

Musaiwale zomwe zinatichitikira. Mu 2016 chimanga chinauma chili chiimire. Mu Febuluwale 2024 mvula inadula pomwe chimanga chimamasula, mpaka boma linalengeza kuti maboma 23 ali pa ngozi. Mvula inali itagwa ndithu mu Januwale, koma inapita kuti? Inatsetsereka pamwamba. Ndipo ndinene mosabisa, milu ya kompositi yomwe tinaunjika limodzi m'mudzi muno inathera kuseri kwa makola, yosafika kumunda. Ena munatentha mapesi posaka mbewa. Mukachita zomwezo ndi ntchito ino, chilala chikabweranso musadzati mlangizi sananene.

Ee, bambo kumbuyoko, ndakumvani, lankhulani. Mukuti munda wanu ndi wa makande kumunsi kwa dambo, mukakumba mozama madzi adzadikha ndipo chimanga chidzachita chikasu? Mukutinso mu Okutobala piki imadumpha? Musaseke anthuni, bambowa anena zoona, ndipo tiime pomwepa.

Makande ndi osiyana ndi katondo. Dongo lake limafufuma likamwa madzi, likauma limanyala n'kung'ambika ming'alu yolowa dzanja. Mvula yoyamba imalowa m'ming'alumo, kenako dothi limafufuma, ming'alu n'kutsekeka, madzi n'kuima. Muzu umafuna mpweya. Ukamira masiku angapo umayamba kuwola, ndipo nayitirojeni wa mu feteleza amatayika, n'chifukwa chake masamba amachita chikasu. Tsono inu bambo, m'dambomo musakumbe mayenje ndipo musatseke mizere ndi mabokosi. Ungani mizere italiitali, musiye ngalande yoti madzi azituluka pang'onopang'ono. Pomwe madzi amakhalitsa, bzalani mpunga. Piki muisungire munda wakumtunda.

Mukuti mungadziwe bwanji dothi lanu? Tapani pang'ono, munyowetse, mulipote m'manja ngati chingwe. Likakana kupoteka, muli mchenga wambiri. Likapoteka koma n'kuthyoka mukalipinda, ndi dothi lapakati. Likapindika mpaka nsonga zake kukumana osathyoka, limenelo ndi dongo lenileni. Onani ili ndatenga kudambo kwanu: lakumana, ndipo likunyezimira.

Za kulimba kwa dothi mu Okutobala, n'chifukwa chake ndabwera mu Meyi. Panopa pansi pakadali chinyezi. Finyani dothi m'dzanja: likagwirana koma n'kufumbutuka mukalikhudza ndi chala, nthawi yake ndi imeneyo. Likamata m'zala dikirani, chifukwa mukalima lonyowa muumba zibuma zomwe zidzakuvutani chaka chonse. Ndipo sindikuti muswe ekala yonse. Yambani ndi ndime ya mapazi khumi uku, khumi uku. Ntchitoyi si ya chaka chilichonse, bola osapondapo ndiponso manyowa azipitako.

Mapiki mulibe? Bambo, za mapiki sindilonjeza kanthu pano, ndikanena ku ofesi. Omwe muli nawo mubwerekane, mugwire ntchito m'magulu, lero kwa uyu mawa kwa uyo.

A mfumu, ndipempha malo a munda wachitsanzo, akhale a katondo, m'mbali mwa njira kuti odutsa aziona. Lachinayi m'mawa tikumane komweko. Bambo a kudambo, tikamaliza tidzatsikira limodzi kumunda kwanu tikaone poyendetsa ngalande. A sekilitale, lembani maina khumi aja tisanabalalike.