Bill Russell: Zikho 11 ndi Ulemu wa Munthu

 Ndikufuna ndikambe za Bill Russell, katswiri wa basketball wa ku America, munthu amene sanalole kuti kuomberedwa m'manja kumuiwalitse chipongwe chimene ankachitiridwa.

Russell anabadwa mu 1934 ku Louisiana, nthawi imene malamulo ankaletsa munthu wakuda kudyera pamodzi ndi mzungu. Mu 1956 anapata mendulo ya golide ku Olympics ya ku Melbourne, ndipo chaka chomwecho analowa timu ya Boston Celtics. M'zaka 13 anatenga chikho cha ligi ya NBA maulendo 11, ndipo kuyambira 1959 mpaka 1966 palibe timu ina inachilawa. Luso lake lalikulu linali kutchinga: kuphula mpira wa adani uli m'malere, n'kuupatsira anzake kuti akagoletse. Ankadziwa kuti mutu umodzi susenza denga. Mu 1966 anakhala munthu wakuda woyamba kukhala kochi mu NBA, uku akusewerabe.

Koma tamverani za kunja kwa bwalo. Atagula nyumba ku Reading, dera la azungu pafupi ndi Boston, anthu ena anathyola nyumbayo, nalemba zotukwana pazipupa, mpaka kuchita chimbudzi pabedi lake.

Russell sanapinde manja. Mu 1961 ku Lexington, Kentucky, anzake akuda atamanidwa chakudya pa hotela, iye ndi anzakewo ananyanyala masewero. Mu 1963 Medgar Evers, womenyera ufulu wa anthu akuda, ataphedwa ku Jackson, Mississippi, Russell anapita komweko kukaphunzitsa basketball ana akuda ndi achizungu pamodzi. Mu 1967 anaima kumbali ya Muhammad Ali, amene anakana kupita kunkhondo ya ku Vietnam.

Mu 1975 anasankhidwa kulowa mu Hall of Fame, kaundula wa akatswiri, koma kumwamboko sanapite. Mphete yake anailandira mu 2019, nafotokoza kuti panali akuda ena amene anayenera kulemekezedwa iye asanalemekezedwe.

Anamwalira mu 2022 ali ndi zaka 88, ndipo NBA inalamula kuti wosewera watsopano aliyense asadzavalenso nambala 6 yake.

Amayi ndi abambo, kuvinira munthu pamene akutibweretsera chikho n'kosavuta. Funso limene Russell anasiya ndi ili: masewero akatha, kodi munthu yemweyo tingamulole kukhala mnansi wathu?