NAMZEZE, MLENDO WOSAMANGA CISA

Mvula yoyamba ikagwa m'mwezi wa Okutobala kapena Novembala, anthu a ku Emmasdale amaona anamzeze atandanda pa mawaya m'mbali mwa mseu wa Great North Road. Ena a iwo ndi eni dziko, amene amaumba zisa zao ndi matope kunsi kwa milatho ndi m'makonde. Koma ambiri, aja ofiira pakhosi, ndi alendo. Angakhale amakhala kuno miyezi isanu ndi umodzi, palibe munthu anaonapo cisa cao, kaya m'midzi ya ku Chongwe, kaya m'mapulazi a ku Chisamba. Nanga amaswera kuti?

Cimene cinaulula cinsinsi cao ndico mphete. M'caka ca 1911 munthu wina wa ku Staffordshire, ku Mangalande, anabveka namzeze kamphete ka nambala ku mwendo. Mu Disembala 1912 mbalame yomweyo inapezeka ku Natal, mtunda wa mamailosi pafupifupi 6,000.

Tsono kwao kwa anamzeze amenewa ndi ku Ulaya ndi ku Asia. Kumeneko, mu Meyi ndi Juni, amaumba tizisa tonga mbale m'makola a ng'ombe, naikira mazira anai kapena asanu. Cisanu cikayandikira tizilombo touluka timasowa, ndipo njala imawapirikitsira kum'mwera. Ocokera ku Ulaya amaoloka Nyanja ya Mediterranean ndi cipululu ca Sahara, pamene kambalame kamodzi kalemera magalamu 20 okha. Ambiri amafera m'njira. Opulumuka amafika kuno nyengo ya inswa, ndipo usiku amagona m'mabango a m'madambo. Pofika Epulo amabwerera, kawirikawiri ku khola lomwe lija.

Anchito a m'migodi ya ku Kitwe ndi Mufulira audziwa moyo wotere: munthu amadyera kwina, koma nyumba yace ili kumudzi.

Akale anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Cifukwa cace mnyamata wa legeni ndi ulimbo ayenera kumleka namzeze. Iye sadya cimanga kapena mapira. Cakudya cace ndi nchenche ndi tizilombo tina. Akaphedwa ku Emmasdale, cisa cina kutsidya kwa nyanja cidzakhala copanda mwini. Ndipo munthu wotola mbalame yakufa yobvala mphete alembe nambala yace, tsiku ndi malo, nakauze a BirdWatch Zambia, bungwe limene linayamba mu 1969 ndi dzina lakuti Zambian Ornithological Society.