Kusamutsa Kompyuta Kuchoka ku Windows 10

Pa 14 Okutobala 2025, kampani ya Microsoft ya ku America inaleka kusamalira Windows 10, pulogalamu imene kuyambira chaka cha 2015 yakhala ikuyendetsa makompyuta ochuluka m'maofesi, m'masukulu ndi m'mashopu otaipira makalata. Tsikulo linadutsa mwakachetechete. M'maŵa mwake makina anayaka monga mwa nthaŵi zonse, kotero kuti mpake eni ake ena kufunsa kuti: nanga chinthu chikugwira ntchito bwinobwino, chisinthidwirenji?

Pofuna kuyankha funsoli nkofunika kudziŵa kaye ntchito ya Windows. Kompyuta payokha ndi chitsulo chabe. Windows ndiye kapitao wake: amalandira zimene munthu walemba, amasunga makalata ndi zithunzi pamalo pake, ndipo amauza makina osindikizira zochita. Koma pulogalamu iliyonse, ngakhale italembedwa mwaluso chotani, siilephera kukhala ndi ming'alu, ndipo pali akuba amene ntchito yawo usana ndi usiku ndi kufunafuna ming'alu yotereyi. Nchifukwa chake mwezi ndi mwezi Microsoft imatumiza zigamba kudzera pa intaneti zotsekera mng'alu uliwonse umene wapezeka. Zigambazi ndizo zinalekeka kwa Windows 10. Nyumba yaudzu imene yaleka kufoleredwa siigwa tsiku lomwelo, koma dzinja lililonse imadontha kuposa dzinja lapitalo.

Kuopsa kwa kompyuta yopanda zigamba kunaoneka poyera mu Meyi 2017, pamene pulogalamu yoipa yotchedwa WannaCry inagwira makompyuta oposa 200,000 m'maiko oposa 150. Pulogalamuyi inkatseka zonse zosungidwa m'makina, nkumalamula mwini wake kulipira madola 300 kuti zitsekulidwe. Ku England zipatala zambiri zaboma zinasokonezeka, ndipo odwala zikwizikwi anabwezedwa osaonana ndi dokotala. Chomvetsa chisoni nchakuti chigamba chotsekera mng'alu umenewo chinali chitatuluka kale mu Malichi chaka chomwecho, koma makompyuta amene anagwidwawo anali asanachilandire.

Imene inaloŵa m'malo mwa Windows 10 ndi Windows 11, yomwe inatuluka pa 5 Okutobala 2021. Aliyense amene ali ndi Windows 10 yogulidwa mwalamulo salipira kanthu posamukira kumeneko. Vuto lagona pa makina enieniwo, pakuti si kompyuta iliyonse imene ingasenze Windows 11. Pamafunika RAM ya magigabaiti 4 kapena kuposerapo, malo osungiramo zinthu a magigabaiti 64, ndiponso kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, kamene kamasunga makiyi achinsinsi a kompyutayo. Purosesa, yomwe ndi ubongo wa makina, iyenera kukhala yatsopanoko: kwa Intel, kuyambira m'badwo wachisanu ndi chitatu, umene unayamba kugulitsidwa mu 2017.

Mfundo imeneyi ikukhudza kwambiri dziko lino, kumene makompyuta ambiri amafika atagwira kale ntchito kunja. Laputopu yakaunjika ingathe kuoneka yonyezimira, koma ngati inapangidwa chisanafike chaka cha 2017, kaŵirikaŵiri Windows 11 imaikana. Safunsa anadya phula. Wogula wanzeru ayenera kupempha wogulitsa kuti ayatse makinawo pamaso pake ndi kuwayesa ndi pulogalamu yaulere ya PC Health Check, imene imanena mosabisa ngati kompyutayo ikukwanira kapena ayi. Nthaŵi zina TPM imakhalamo koma ili yozimitsa, ndipo mmisiri wodziŵa ntchito yake amaiyatsa m'mphindi zochepa. Alipo amisiri ena amene amaloŵetsa Windows 11 mokakamiza m'makina osayenera. Makinawo amayaka ndithu, koma Microsoft inachenjeza kuti siilonjeza kutumiza zigamba ku kompyuta yotero. Munthu angalipire mmisiri, nkupezeka kuti akadali m'nyumba yodontha yomwe ija.

Kompyuta ikapezeka kuti ndi yoyenera, pali zinthu zinayi zofunika kuzitsata. Choyamba ndiponso chachikulu ndi kukopera makalata onse, zithunzi, ndi mabuku a ndalama pa fulashi kapena pa disiki yapadera. Kaŵirikaŵiri kusamukaku sikufufuta kanthu, koma pamene pavuta, mlembi wa sukulu angataye zotsatira za mayeso za zaka zambiri, ndipo wamalonda angataye maina a onse amene ali naye ngongole. Madzi akatayika saoleka.

Chachiŵiri ndi magetsi. Ntchitoyi imatenga ola limodzi kapena maola angapo, ndipo kompyuta imazima ndi kuyaka yokha kangapo. Magetsi akathima ntchito ili pakati, makina angathe kukana kuyakanso. Laputopu ikhale yodzaza moto ndiponso yolumikizidwa kukhoma, ndipo mwini kompyuta yapatebulo asankhe nthaŵi imene magetsi sakonda kuthima m'dera lake.

Chachitatu ndi intaneti. Windows 11 imadya magigabaiti angapo poitsitsa, choncho bandulo yaing'ono ya pafoni ingathe kutha ntchito isanafike pakati. Ofesi yokhala ndi makompyuta ambiri ingachite bwino kuitsitsa kamodzi, nkuiika pa fulashi.

Chachinayi ndi kuyesa zonse kusamukako kukatha: makina osindikizira, sikana, ndi mapulogalamu oŵerengera ndalama. Ngati china chofunika chakana kugwira ntchito, Windows imapereka masiku 10 oti munthu abwerere kumene anachokera. Masikuwo akatha, njira yapafupiyo imatsekeka.

Nanga amene makina awo akanidwa atani? Microsoft inakonza zoti anthu wamba alandirebe zigamba za Windows 10 kwa chaka chimodzi, kufikira pa 13 Okutobala 2026, pamtengo wa madola 30 kapena mwa njira zina zosalipira. Kumeneku kunali kuwonjezera nthaŵi chabe. Njira yokhalitsa kwa amene sangathe kugula makina ena ndi kusamukira ku Linux, yomwe ndi yaulere ndipo imayenda bwino m'makompyuta okalamba. Mtundu wake wodziŵika kwambiri ndi Ubuntu, umene unayambitsidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzinali ndi liwu lomwe lija limene kuno amati umunthu. Mmenemo munthu angathe kulemba makalata, kuŵerengera ndalama ndi kuyenda pa intaneti, ngakhale kuti mapulogalamu ena opangidwira Windows samagwira ntchito kumeneko, ndipo pamafunika masiku angapo kuti manja azoloŵere.

Choncho mphunzitsi wamkulu, mlembi wa mpingo, msungichuma wa kalabu ya alimi, ndi aliyense amene anasungitsa zamtengo wapatali m'kompyuta, ayenera kudziŵa mtundu wa Windows umene uli m'makina ake. Akadziŵa, akopere zinthu zake pamalo ena lero lomwe, kenaka asankhe njira imene thumba lake lingakwanitse. Mlimi wochenjera amafolera nyumba yake mu Okutobala, mvula isanagwe.